Tsogolo la tiyi wa ku Thyolo lili m'kati mwa selo

Mukalowa m'fakitale ya tiyi ku Thyolo nthawi ya dzinja, kaya ndi ku Satemwa, ku Makandi kapena ku Naming'omba, pali malo amodzi pomwe maso salephera kuima. Masamba omwe anathyoledwa dzulo amakhala atagona usiku wonse pa mathandala aatali, mphepo ya mafani ikuwomba kunsi kwake mpaka atafota. Kenako makina amawadula ndi kuwanyenyanyenya, ndipo chimatuluka ndi chinthu chonyowa, chobiriwira, chonunkha msipu wongodulidwa kumene. Pakangotha ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono, zobiriwira zija zimakhala zitasanduka zofiirira, fungo nalo litakhala la tiyi amene tonse timamudziwa. Palibe wathirapo utoto kapena mankhwala, chawonjezekapo ndi mpweya basi. Chimene chachitika n'chakuti tsamba likadali lamoyo, selo lililonse limasunga zinthu ziwiri motalikirana. M'kathumba kamadzi ka pakati pa selo mumakhala mamolekyu owawira otchedwa makatekini, omwe mu nsonga yanthete amatha kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa tsamba louma. M'tizigawo tobiriwira tomwe timakola kuwala kwa dzuwa mumakhala enzayimu yotchedwa polyphenol oxidase. Makina akaphwanya makoma olekanitsa ziwirizi, zimakumana pamaso pa okosijeni, ndipo pamabadwa mamolekyu atsopano omwe amapatsa tiyi mtundu wofiira ndi kukoma kothethetsa lilime.

Apa tikuona kuti ubwino wa tiyi sukhala m'chinthu chimodzi, umabadwa pamene zinthu zakumana. Mfundo imeneyi ndiyo maziko a nthambi ya sayansi yofufuza maukonde a mamolekyu a m'maselo amoyo. Ofufuza a nthambiyi amafunsa kuti ndi molekyu iti imagwirana ndi iti, iti imadzutsa inzake, iti imaletsa inzake, ndiponso kuti zotsala zonse zimatani imodzi ikasowa. Ambiri angaganize kuti izi n'za mayunivesite a ku Ulaya ndi ku China, zosakhudza wothyola tiyi wa ku Makwasa kapena mlimi wa ekala imodzi amene amagulitsa masamba ake ku esiteti. Ine ndikuona mosiyana. Mavuto atatu amene akusautsa tiyi wa ku Thyolo, omwe ndi chilala, minda yokalamba ndi kutsika kwa mtengo pa okushoni ya ku Limbe, onse amakakhudza ukonde womwewo wa m'selo. Dziko limene limadalira tiyi koma silitha kuwerenga ukondewo lidzapitiriza kudikira zaka zambiri kuti lidziwe ngati mbewu yomwe linasankha ndi yoyenera, pomwe nyengo ikusintha mofulumira kuposa momwe mtundu watsopano wa tiyi umapangidwira.

Tiyambe ndi selo lenilenilo. Tsamba la tiyi, monga chamoyo chilichonse, linapangidwa ndi timagawo tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. M'selo lililonse muli DNA, momwe munalembedwa malangizo onse a chomeracho, ndipo malangizowo anagawidwa m'zidutswa zotchedwa majini. Majini amafotokoza kapangidwe ka mapuloteni, ndipo mapuloteniwo ndiwo amagwira ntchito. Ena, omwe ndi maenzayimu, amasandutsa molekyu ina kukhala ina. Ena amalowetsa ndi kutulutsa zinthu pa khoma la selo. Enanso amakhala pa DNA n'kumatsegula kapena kutseka majini ena. Kwa zaka zambiri asayansi ankaphunzira zinthuzi chimodzichimodzi, ndipo anapeza zambiri, koma kukhala ndi mndandanda wa zonse sikudziwa momwe zimagwirira ntchito limodzi. Munthu atapatsidwa buku la malipiro la esiteti yonse angadziwe mayina a othyola, makapitawo, oyendetsa mathirakitala, osonkhezera boyila ndi alonda, koma bukulo silingamuuze kuti tsamba limachoka m'manja mwa yani kupita kwa yani, kapena chifukwa chake ntchito imapitirira gulu la m'munda likaperewera munthu mmodzi, pomwe boyila ikasowa woyang'anira fakitale yonse imaima. Kuti adziwe zimenezo ayenera kuona mmene anthuwo alumikizirana, ndipo chithunzi choterocho ndicho asayansi a maukonde amafuna kujambula cha selo.

Ntchito yojambula chithunzichi inapeza chida chake chachikulu mu 1989, pamene Stanley Fields ndi Ok-kyu Song a ku America anapeza njira yoyesera ngati mapuloteni awiri amagwirana. Anatenga puloteni yotsegula jini n'kuigawa pawiri, theka lina n'kulimangirira ku puloteni yoyamba, theka lina ku yachiwiri, zonse n'kuziika m'selo la yisiti. Mapuloteni awiriwo akagwirana, matheka aja amakumana, jini imatseguka, ndipo wofufuza amaona chizindikiro. Pofika 2000 ndi 2001, magulu a ku America ndi ku Japan anali atayesa motere mapuloteni zikwizikwi a yisiti. Mu 2001 momwemo, Hawoong Jeong, Albert-László Barabási ndi anzawo anasanthula ukonde wa mapuloteni 1,870 a yisiti napeza kuti maulalo sanagawidwe mofanana. Mapuloteni 93 mwa 100 alionse anali ndi maulalo asanu kapena ochepera apo, ndipo mwa amenewa 21 okha pa 100 ndiwo selo silikanakhala moyo popanda iwo. Ochepa kwambiri anali ndi maulalo oposa 15, ndipo mwa amenewa 62 pa 100 anali ofunika moti kuwachotsa n'kupha selo. Mu 2011 kunatuluka chithunzi chachikulu choyamba cha chomera, kaudzu kotchedwa Arabidopsis, chosonyeza maulalo pafupifupi 6,200 pakati pa mapuloteni pafupifupi 2,700. Chaka chomwecho ofufuza anaonetsa kuti tizilombo tiwiri toyambitsa matenda a zomera, tosiyana mtundu kotheratu, timalimbana ndi mapuloteni omwewo a maulalo ambiri. Mdani wa chomera amadziwa pomenya, ndipo woteteza chomera ayenera kudziwanso pomwepo.

Umboni wakuti chinthu chimodzi cha pa mphambano chikasowa zonse zimasokonekera sitifunika kukaufuna kunja, chifukwa unapezeka m'minda ya tiyi ya kuno. Tiyi atayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891 n'kufalikira ku Thyolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, eni minda anakumana ndi matenda osadziwika. Masamba ankachita chikasu, ankachepa, m'mbali mwake n'kupindika, nthambi zinkauma kuyambira kunsonga, mapeto ake chitsamba n'kufa. Mu 1933, H. H. Storey ndi R. Leach anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo zosonyeza kuti panalibe kachilombo kalikonse, koma kuti nthaka inali itaperewera salufa, ndipo feteleza wokhala ndi salufa ankachiza matendawo. Iwo anapeza mankhwala, koma chifukwa chimene kusowa kwa chinthu chimodzi kunawonongera mtundu wa tsamba, kukula kwake ndi moyo wa nthambi nthawi imodzi chinadzamveka bwino njira za m'selo zitajambulidwa. Salufa amalowa mu cysteine ndi methionine, zomwe ndi zina mwa njerwa zomangira mapuloteni. Amalowanso m'mapuloteni amene amayendetsa mphamvu ya dzuwa m'tsamba, komanso mu glutathione, molekyu yoteteza selo likapanikizika. Kuchokera ku methionine selo limapanga molekyu yotchedwa SAM, yomwe imafunika katatu konse popanga kafini mmodzi, imafunika polimbitsa thunthu, imafunikanso popanga ethylene, mpweya umene chomera chimatumizira uthenga wakuti tsamba likalambe kapena ligwe. Njira zonsezi zimadutsa pamalo amodzi, n'chifukwa chake matendawo ankaoneka paliponse.

Nkhani ya mtengo wa tiyi nayo imatifikitsa pa ukonde. Mamolekyu amene amabadwa m'fakitale ali m'magulu awiri akuluakulu, ma theaflavin ndi ma thearubigin, mayina omwe anaperekedwa ndi E. A. H. Roberts m'zaka za m'ma 1950. Mu 1972, P. J. Hilton ndi R. T. Ellis, pogwira ntchito ku bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa ku Mulanje, anaonetsa kuti kuchuluka kwa theaflavin kumayendera limodzi ndi mtengo umene tiyi wa m'chigawo chino amagulidwa pa msika. Munthu angafulumire kunena kuti ndiye tisankhe chitsamba cha makatekini ambiri, nkhani yatha. Koma theaflavin sapangidwa ndi katekini aliyense. Pamafunika awiri a mitundu yosiyana, mmodzi wochokera ku gulu la epicatechin, wina ku gulu la epigallocatechin, ndipo tsamba likachulukitsa gulu limodzi n'kuperewera linzake, ochulukawo amathera kwina. Kuti gulu liti lichuluke zimadalira maenzayimu awiri amene amalimbirana molekyu imodzi pa chiyambi cha njirayo. Njira yomweyo ili ndi nthambi zina. Ina imapita ku lignin wolimbitsa thunthu, ina ku utoto wofiirira wa anthocyanin, womwe ndi umene umaoneka pa tiyi wapepo amene Kenya inatulutsa mu 2011. Pamwamba pa zonsezi pali mapuloteni atatu, a magulu otchedwa MYB, bHLH ndi WD40, omwe ayenera kugwirana kaye kuti atsegule majini a njirayi. Mlimi amaona tsamba limodzi, koma m'kati mwake muli kugawana chuma chochepa pakati pa ntchito zambiri, ndipo chowonjezedwa uku chimachotsedwa kwina.

Kugawana kumeneku ndiko kumafotokoza zimene olawa tiyi a ku Limbe akhala akudziwa kuyambira kale. Gawo lalikulu la tiyi wa m'Malawi, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, limathyoledwa m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, pomwe nsonga zimakula mothamanga, mafakitale n'kudzaza mpaka kusowa poyanika masamba. Koma tiyi wabwino koposa amachokera ku nsonga zokula pang'onopang'ono za nyengo yozizira, miyezi ya chiperoni. Ofufuza a ku Mulanje anaonetsa kale mu 1973 kuti nyengo ndi feteleza wa nayitirojeni zimasintha kuchuluka kwa makatekini osiyanasiyana mu nsonga, ndipo ndi mmenemo ubwino wa tiyi umasinthira. Feteleza wochuluka amaonjezera makilogalamu, koma akapitirira muyezo amatsitsa ubwino, popeza selo likapeza nayitirojeni wambiri limatembenuzira shuga wake ku kumanga mapuloteni ndi masamba atsopano. Ngakhale mizu ili m'nkhaniyi. Theanine, molekyu yomwe Yajiro Sakato wa ku Japan anaipeza mu 1949, imapangidwa makamaka ku mizu n'kukwera kupita ku nsonga, ndipo kuwala kwa dzuwa kukachuluka imaphwanyidwa, zidutswa zake zina n'kulowa m'makatekini. Choncho dothi, mizu, dzuwa, kuzizira ndi thumba la feteleza zonse zimalankhula ndi ukonde umodzi, ndipo zokolola ndi ubwino zimakokana chifukwa zimadya m'nkhokwe imodzi ya selo.

Chilala ndicho chimaonetsa bwino koposa kuti chomera chimachita zinthu motsatira uthenga wodutsa m'manja ambiri. Thyolo imalandira mvula yochepa kuyerekeza ndi kum'mwera kwa phiri la Mulanje, ndipo tiyi wake amapirira miyezi yambiri yopanda mvula yeniyeni, mpaka kutentha kwa Okutobala ndi Novembala. Madzi akayamba kuchepa, chomera chimachulukitsa molekyu yotchedwa abscisic acid. Kwa zaka zambiri zinkadziwika kuti molekyuyi imatseka timabowo ta kunsi kwa tsamba momwe madzi amatulukira, koma puloteni yoilandira inapezedwa mu 2009 ndi magulu awiri, la Sean Cutler ku California ndi la Erwin Grill ku Munich. Anapeza kuti molekyuyi ikalowa m'puloteni yoilandira, puloteniyo imagwira ina yomwe ntchito yake ndi kuletsa, yoletsayo ikagwidwa imamasula yachitatu, yachitatuyo imatsegula khomo lotulutsira mchere m'maselo awiri olondera kabowo, madzi amatsatira mcherewo, maselowo amafota, kabowo n'kutsekeka. Koma kabowo komweko ndi kolowera mpweya umene tsamba limapangira shuga. Chitsamba chotseka msanga chimapulumuka chilala koma chimapereka masamba ochepa, chotseka mochedwa chimabereka bwino chaka chabwino koma chimapsa chaka choipa. M'zaka zoyambirira za m'ma 1980, T. W. Tanton anaonetsa ku Mulanje kuti nsonga za tiyi zimaleka kutalika kukazizira kufika pafupifupi madigiri 12.5, ndiponso kuti mpweya ukauma kwambiri zimakula mochedwa ngakhale nthaka ili yonyowa. Mfundo yachiwiriyi ndi yolemera kwa aliyense woganiza kuti mthirira wokha ungathetse vutoli. Madzi angafike ku mizu, koma tsamba likamva mpweya wouma limadziletsa lokha, ndipo poletsera pake pali m'selo.

Chimene chikupangitsa nkhaniyi kukhala yachangu ndi nthawi. Minda yambiri ya ku Thyolo ikadali ndi tiyi wakale wobzalidwa kuchokera ku njere, wina wa zaka zoposa 60, yemwe zokolola ndi ubwino wake sizifika pa mitundu yosankhidwa yomwe amaichulukitsa podula tinthambi ku nazale. Kuzula ndi kubzalanso munda kumadya ndalama zambiri, munda watsopano umatenga zaka kuti uyambe kubweza, ndipo chitsamba chobzalidwa lero chidzakhala pomwepo zaka 50 kapena kuposa. Kupanga mtundu watsopano, kuyambira kukwatitsa maluwa mpaka kuupereka kwa alimi, kumatenga zaka 15 kapena kuposerapo. Ndiye kuti amene akusankha mbande chaka chino akusankhira nyengo imene sanaione. Chilala cha 1992, cha 2005 ndi cha 2016, komanso namondwe Freddy amene anasakaza maboma a kum'mwera mu Malichi 2023, zatisonyeza kuti mvula ikubwera mosadalirika, pena yosowa, pena yochuluka moononga. Pa nthawi yomweyi zida zowerengera selo zafika. Mu 2017 gulu la Gao Lizhi ku Kunming, China, linasindikiza DNA yonse ya tiyi wa mtundu wa assamica, womwe ndi wa banja limodzi ndi wolimidwa kuno. Anapeza zilembo pafupifupi 3 biliyoni, zofanana kuchuluka ndi za munthu, ndi majini pafupifupi 37,000, pomwe munthu ali ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000 okha. Mndandanda ulipo tsopano. Chotsala ndi kudziwa mmene majiniwo amalumikizirana m'chitsamba chomera pa dothi lofiira la Thyolo.

Wotsutsa woyamba anganene kuti Malawi inapanga tiyi wabwino popanda zonsezi, ndipo akunena zoona. Bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likulu lake lili ku Mimosa, linatulutsa mitundu monga SFS 150, SFS 204 ndi PC 108 pogwiritsa ntchito maso, sikelo ndi lilime la olawa tiyi. SFS 150 inadziwika ndi kupirira chilala mpaka inakabzalidwa ku Kenya ndi mayiko ena. R. T. Ellis ndi Hastings Nyirenda anafotokoza ntchitoyi mu 1995, ndipo ndi ntchito yoti Mmalawi aliyense anyadire. Koma tikayang'anitsitsa, akatswiriwa ankawerenga kale ukonde wa m'selo ndi zida zomwe anali nazo. Ankaika nsonga mu nthunzi ya kulolofomu, yomwe imaphwanya makoma a m'selo, n'kuona kuti ndi chitsamba chiti chikufiira msanga, ndiko kuyesa kukumana kwa enzayimu ndi makatekini. Ankamezanitsa mtundu wa masamba abwino pa tsinde la mtundu wa mizu yamphamvu, ndiko kulumikiza maukonde awiri. Mu 2000 ndi 2002, ofufuza a ku Mimosa pamodzi ndi gulu la Zeno Apostolides wa pa yunivesite ya Pretoria anayesa makatekini a m'tsamba laliwisi ndi ma theaflavin a m'tiyi wouma pofuna kudziwiratu mitundu yabwino. Sayansi ya maukonde ikupitiriza njira yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti imalola kuyesa mbande ikadali ku nazale n'kusiya zosalonjeza, kuti malo ndi zaka za kumunda zisungidwire zochepa zoyenera, ndiponso imasonyeza pamene zokolola, ubwino ndi kupirira chilala zimakokana ndi pamene zingathe kuyendera limodzi.

Wotsutsa wachiwiri ndi wasayansi mwiniwake, ndipo mawu ake ndi olemera. Iye anganene kuti zithunzi za maukondezi n'zosakwanira komanso zili ndi zolakwika zambiri. Magulu awiri aja a 2000 ndi 2001 atayerekeza zimene anapeza mu yisiti yemweyo, maulalo ofanana anali ochepa modabwitsa. Mapuloteni awiri amatha kugwirana m'selo la yisiti pomwe m'tsamba sakumana n'komwe, chifukwa ina imakhala ku mizu ina ku nsonga, kapena ina imapangidwa usana ina usiku. Puloteni yofufuzidwa kwambiri imaoneka ya maulalo ambiri mwina chifukwa chongoti ndi imene anthu anaiyang'ana nthawi zambiri. Zonsezi n'zoona, ndipo amene angagulitse chithunzi cha pa kompyuta ngati yankho lomaliza akunyenga alimi. Koma yankho la chithunzi cholakwika ndi kuchiyesa pa chomera chenicheni, ndipo apa ndi pomwe Malawi ili ndi chuma chimene ambiri alibe. Ku Mimosa ndi m'minda yoyesera ya m'maesiteti muli mitundu ya tiyi yodziwika makolo ake, yomwe zokolola zake, kupirira kwake ndi ubwino wake zakhala zikulembedwa kwa zaka makumi angapo. Kompyuta ikanena kuti majini akutiakuti ndiwo amayendetsa kupirira chilala, mawuwo angayesedwe pa zitsamba zomwe zinadutsa kale m'chilala cha 1992. Njira ya abscisic acid ija imakhulupiridwa lero chifukwa ulalo uliwonse unayesedwa mobwerezabwereza pa zomera zamoyo, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira ndi tiyi.

Wotsutsa wachitatu amafunsa za ndalama ndi chilungamo, ndipo funso lake siliyenera kuyankhidwa mopepuka. M'boma limene anthu ali opanikizana pa malo pomwe maesiteti ali ndi minda yaikulu, m'boma limene likukumbukirabe thangata, ndipo wothyola tiyi amaweramira chitsamba tsiku lonse dengu lili kumsana kuti apeze malipiro osakwanira banja, kodi n'koyenera kukamba za mapuloteni? Sayansi iyi sigawa malo ndipo siikweza malipiro payokha. Zimenezo ndi nkhani za malamulo, za mabungwe a ogwira ntchito ndi za ogula a kunja, monga zinaonekera pa mgwirizano wa Malawi Tea 2020, womwe unayamba mu 2015 ndi cholinga chofikitsa malipiro pa mlingo wokwanira moyo wa munthu. Koma mgwirizano womwewo unaika kubzalanso minda ndi kukweza ubwino wa tiyi pakati pa ntchito zake, chifukwa malipiro amachokera pa mtengo, ndipo mtengo umachokera pa zimene zili m'kapu. Tiyi wambiri wa m'Malawi amagulidwa motsika kuti akasakanizidwe ndi wina ku Britain ndi ku South Africa chifukwa cha mtundu wake wofiira. Mtengo wabwino sutsimikiza kuti wothyola apindula, koma mtengo wotsika umatsimikiza kuti sapindula. Ndipo mtundu wolakwika ukabzalidwa, esiteti yaikulu ingapirire, pomwe mlimi wamng'ono, monga a m'bungwe la Msuwadzi omwe amagulitsa masamba ku Satemwa, amataya munda wake wonse ndi zaka zonse zomwe anadikira. Amene akufunikira kwambiri mbande yosankhidwa molondola ndi amene alibe mwayi wobzala kachiwiri.

Pali ena amene amaopa kuti kumeneku n'kutsegulira khomo tiyi wosinthidwa majini, yemwe ogula a ku Ulaya angamukane. Manthawa ndi omveka, koma akusakaniza zinthu ziwiri. Kuwerenga ukonde wa selo sikulowetsa jini yachilendo m'chomera. Woswanitsa mbewu amapitiriza kutenga mungu wa duwa lina kuika pa duwa lina monga kale, kungoti tsopano amadziwa makolo oyenera kukwatitsa ndi ana oyenera kusunga. Enanso amati tisiyire China ndi Kenya, ife tidzatenga zotsatira. Zambiri tidzatengadi, popeza DNA ya tiyi inaikidwa poyera pa intaneti, ndipo mapulogalamu monga AlphaFold, omwe anabweretsera Demis Hassabis ndi John Jumper mphotho ya Nobel mu 2024, amalosera maonekedwe a mapuloteni kwa aliyense wokhala ndi kompyuta. Koma ofufuza a ku China amaika mtima kwambiri pa tiyi wobiriwira, yemwe amafuna theanine wambiri ndi kuwawira kochepa, komanso pa kupirira chisanu. Minda ya ku Kericho ili pamwamba kwambiri, pafupi ndi equator, ndipo imathyoledwa pafupifupi chaka chonse. Funso la chitsamba chimene chiyenera kudutsa miyezi yambiri youma, kupirira kachilombo ka Helopeltis komwe kamaboola nsonga, kenako n'kupereka theaflavin wambiri m'dzinja lotentha, ndi funso la Thyolo, Mulanje ndi minda ya ku Zimbabwe ndi Mozambique yoyandikana nafe. Palibe wina amene ali ndi chifukwa chokwanira cholifunsira m'malo mwathu.

Chofunika si nyumba yaikulu yatsopano kapena makina a mabiliyoni. Masamba angathe kuumitsidwa ndi kutumizidwa kukawerengedwa kwina, ndipo ntchito yaikulu yotsala ndi yosanthula manambala ndi kuwayerekeza ndi zolembedwa za kumunda. Malo ogwirira ntchitoyi ali moyandikana modabwitsa. Yunivesite ya sayansi ya MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ili ku Ndata m'boma la Thyolo momwemo. Malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe ali m'boma lomwelo, Mimosa ili m'boma loyandikana, ndipo ku Bunda kuli LUANAR ndi akatswiri ake a kuswanitsa mbewu. Zoyenera kuchita n'zodziwika. Zolembedwa zakale za minda yoyesera zisungidwe pa kompyuta zisanawonongeke. Mitundu yonse ya tiyi yosungidwa kuno iwerengedwe DNA yake, ndipo zotsatirazo zikhale m'manja mwa mabungwe a kuno. Achinyamata angapo aphunzitsidwe mozama biology ya maselo pamodzi ndi masamu ndi kompyuta, n'kupatsidwa ntchito yokhazikika kuti asathawire kunja. Bungwe la Tea Association of Malawi ndi boma aone ndalama zimenezi ngati gawo la mtengo wobzalanso minda, chifukwa ndi mmene zilili. Hekitala iliyonse imene izulidwe ku Thyolo m'zaka khumi zikubwerazi idzabzalidwa mtundu winawake, ndipo chisankhocho chidzamanga esiteti, mlimi wamng'ono ndi wothyola mpaka cha m'ma 2080. Tili ndi mwayi wopanga chisankhocho tikudziwa zimene zikuchitika m'kati mwa tsamba, ndipo kuusiya mwayiwo kudzatidyera ndalama zambiri kuposa kuphunzitsa anthu oti awerenge selo.